ZA M'MIDZI YATHU: Olondera pa Nyanja ya Chilwa ndi Malamulo Amene Amanga Iwo ndi Ife Pamodzi

 Mvula ili pafupi, ndipo pamodzi ndi mvula ifika nyengo ija imene makoka ayenera kupachikidwa. Tidziwa kuti masiku amenewo maboti a olondera aoneka kawirikawiri pa madzi, ndipo m'nyumba zambiri mulowa nkhawa. Mayi aopa kuti mwana wake agwidwa, bambo aopa kuti ukonde umene anaugula ndi ngongole ulandidwa. Chifukwa chake mwezi uno tifuna kukamba nanu za olondera amenewa: kuti ndiwo ayani, lamulo liwalola kuchita chiyani, liwaletsa chiyani, ndipo ife eni mudzi tiyenera kukhala nawo bwanji. Pakuti munthu wosadziwa lamulo aopa zosayenera kuopa, nachita mopanda mantha zimene anayenera kuziopa.

NYANJA YATHU NDI YOTANI

Tiyambe ndi nyanja yeniyeniyo, popeza malamulo ake anabadwa ndi makhalidwe ake. Chilwa ndiyo nyanja yachiwiri pa ukulu m'dziko la Malawi. Imwa madzi a mitsinje ya Domasi, Likangala, Thondwe, Namadzi, Phalombe ndi Sombani, ndi wa Mnembo wochokera ku Mozambique, koma ilibe mtsinje ngakhale umodzi wotulutsa madzi ake. Madzi amene alowa achoka ndi dzuwa ndi mphepo basi. Ndiponso si yakuya. Malo ambiri nsungwi yokankhira bwato ifika pansi, ndipo pansipo ndi matope okhaokha. David Livingstone anaiona m'chaka cha 1859, nailemba dzina lake Shirwa. M'chaka cha 2006 bungwe la UNESCO linaiwerengera m'gulu la malo a chilengedwe oyenera kusamalidwa, ndipo inali italowa kale m'pangano la Ramsar losunga madambo, makamaka chifukwa cha mbalame zake zosawerengeka.

Nyanja yotere ikhala ndi moyo wa mvula. Akuluakulu akumbukira chaka cha 1968 pamene inaphwa, anthu nayenda pansi kumka ku Chisi. Inaphwanso m'chaka cha 1995, inachepa koopsa m'chaka cha 2012, ndipo m'chaka cha 2018 mabwato anagona pa dothi long'ambika pa doko la Kachulu. Koma pamene namondwe wa Freddy anagwa m'mwezi wa Malichi 2023, madzi anabwera ochuluka, nakwera kulowa m'minda ndi m'malo okhala anthu. M'zaka zabwino nyanja yomweyi yapatsa dziko lonse pafupifupi gawo limodzi la magawo asanu a nsomba zake. Matemba a ku Chilwa adyedwa ku Zomba, ku Blantyre ndi ku Mulanje, ndi anthu amene sanaonepo njedza kapena kukwera bwato.

Tsono taganizani. Nyanja ikaphwa, nsomba zichokera kuti pamene madzi abwerera? Zichokera ku zotsala zija zimene zinabisala m'maiwe a mitsinje ndi m'zithaphwi za m'dambo. Zimenezo ndizo mbewu. Munthu amene athira katupe m'dziwe la Likangala chaka cha chilala sapha nsomba za tsiku limenelo zokha. Apha matemba, makumba ndi milamba ya zaka zitatu zakutsogolo. Izi ndizo zinachititsa kuti nyanja itaphwa mu 1995, mafumu, asodzi ndi a Dipatimenti ya Nsomba apangane kulondera mitsinje ndi kuletsa mankhwala opha nsomba. Kulondera kwa pa Chilwa sikunayambe ndi chidani pa msodzi. Kunayamba pamene anthu anaona ndi maso awo kuti nyanja ingathe kufa.

OLONDERA NDIWO AYANI

Anthu ambiri akaona boti la injini lili ndi anthu a yunifolomu angoti, "Apolisi abwera." Koma olondera ali a mitundu itatu, ndipo nkwabwino kuwasiyanitsa.

Oyamba ndiwo a Dipatimenti ya Nsomba. Mphamvu yawo ichokera m'lamulo la kusunga ndi kuyang'anira nsomba limene Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa m'chaka cha 1997. Ntchito yawo ndiyo kuona ziphaso za zida, kukula kwa maso a ukonde, ndi kusunga nyengo yotseka.

Achiwiri ndiwo apolisi. Polisi ya dziko lino inakhazikitsidwa m'chaka cha 1921, likulu lake lili pa Zomba pomwe pano m'masiku a Nyasaland, ndipo lero iyendera lamulo la apolisi la chaka cha 2010. Ili ndi nthambi ya apolisi a pamadzi, amene aphunzira kuyendetsa maboti, kusambira ndi kuvuula omira. Iwo asunga mtendere pa madzi monga anzawo asunga pa msewu: agwira akuba maukonde ndi injini, aletsa katundu wozembetsa, aona maboti onyamula anthu, ndipo ngozi ikagwa ndiwo afunafuna osowa. Lamulo la nsomba lija liwerengera apolisi pamodzi ndi oteteza nsomba, kotero kuti wapolisi angathe kufunsa chiphaso cha khoka monga afunsira wa Dipatimenti.

Achitatu ndiwo anthu athu omwe, a komiti ya padoko imene ambiri aitcha BVC, pamodzi ndi mafumu. Lamulo la 1997 linatsegula njira yakuti anthu a m'midzi athandizane ndi Boma pa kusunga nsomba. A komiti alemba maina a asodzi ndi zida zawo, alandira alendo ofuna kusodza pa doko lawo, achenjeza olakwa, ndipo aperekeza a Boma pa ulendo wolondera popeza ndiwo adziwa njira za m'njedza. Koma komiti si polisi ndipo si khoti. Ilibe chitokosi, ilibe chilolezo cha kukwapula munthu.

ZIMENE LAMULO LIWALOLA

Wolondera wa Boma angathe kuimitsa bwato kapena boti lili lonse pa madzi, kulowamo, kuona nsomba ndi zida, ndi kufunsa chiphaso. Akapeza chida choletsedwa, kapena khoka lili m'madzi nyengo yotseka, angathe kugwira chidacho, nsomba zophedwa nacho, ngakhale bwato lomwe, kuti zikhale umboni. Angathenso kumanga munthu amene amuganizira ndi chifukwa chomveka kuti wapalamula. Izi zonse ndi za lamulo, ndipo amene alimbana ndi wolondera pa ntchito yake, kumtukwana, kumgenda kapena kumuopseza ndi nkhafi, aonjeza mlandu wina waukulu pamwamba pa woyamba.

Tinene mosabisa kwa inu anyamata. Boti la olondera likakuitanani, imani. Musathawire m'njedza usiku, musadumphire m'madzi. Mwina muganiza kuti nyanja yosaya siingamize munthu, koma matope a Chilwa agwira mwendo, mafunde ake ndi aafupi ndi aukali mphepo ikauka, ndipo munthu wokodwa mu ukonde wake amira pa madzi ofika m'khosi. Mlandu wa khoka utha ndi chindapusa, koma womira sabwerera.

ZIMENE LAMULO LIWALETSA

Apa ndipo tifuna kuti mumvetsetse, pakuti ambiri ayesa kuti lamulo limanga msodzi yekha. Iai. Lamulo lomwelo limene lipatsa wolondera mphamvu limuikira malire, ndipo wodumpha malirewo ali wopalamula monga wina aliyense.

Choyamba, wolondera ayenera kudziwika. Munthu woimitsidwa ali ndi ufulu wofunsa mwaulemu kuti, "Bwana, ndinu a ofesi iti?" ndi kuona chitupa chake ngati sanavale yunifolomu. Ichi chiteteza inu ndi apolisi omwe, popeza mbala ingathe kudzitcha wolondera usiku nkutenga maukonde a eni.

Chachiwiri, womangidwa ayenera kuuzidwa chifukwa chake, msanga, m'chinenero chimene amva. Izi zili m'ndime 42 ya malamulo aakulu a dziko lino. Ndime yomweyo inena kuti ali ndi ufulu wokhala chete, kuti asakakamizidwe kuvomera mlandu, kuti aonane ndi abale ake ndi womuimira pa mlandu, ndi kuti afike pamaso pa khoti pasanathe maola 48. Ngati maolawo athera pa tsiku limene khoti siligwira ntchito, afike tsiku loyamba limene khoti litsegula. Kutalika kwa njira si chifukwa chosungira munthu sabata yathunthu: kuchokera pa Kachulu kufika pa Zomba ndi makilomita pafupifupi 30 okha.

Chachitatu, belo ya kupolisi siigulidwa. Ndi yaulere. Amene akuuzani kuti mupereke mbuzi kapena ndalama kuti mwana wanu atuluke pa belo ya polisi, akuberani.

Chachinayi, mphamvu ya manja ili ndi muyeso. Wolondera aloledwa kugwiritsa mphamvu yokwanira kugwira munthu wokana kapena wothawa, osapitirira pamenepo. Munthu amene waima, nakweza manja, sayenera kumenyedwa. Malamulo aakulu aletsa kuzunza ndi kunyazitsa munthu aliyense, ngakhale wopalamula. Pa madzi muyeso umenewu ukula, chifukwa boti la injini likagunda bwato kapena kulizungulira ndi liwiro, lingathe kumiza anthu amene mlandu wawo unali wa matemba a m'chidebe. Wolondera wanzeru afika pang'onopang'ono, ndipo munthu akagwera m'madzi ayamba wamvuula, mlandu nubwera pambuyo. Womangidwa ali m'boti la Boma moyo wake uli m'manja mwa omugwira, ndipo iwo adzayankha ngati atayika.

Chachisanu, mkazi asechedwa ndi mkazi mnzake, mwaulemu. Mwana wosafika zaka 18 sasungidwa pamodzi ndi akaidi akuluakulu, ndipo makolo ake ayenera kudziwitsidwa. Inu amayi ogula nsomba pa doko, dziwani kuti palibe munthu, wa Boma kapena wa komiti, amene ali ndi mphamvu yofuna thupi lanu kuti akubwezereni dengu lanu. Wotero mukamnenere.

Chachisanu ndi chimodzi, katundu wogwidwa si wa womugwira. Ukonde, bwato kapena injini yogwidwa ilembedwe, mwini wake adziwe kumene yapita, ndipo isungidwe kufikira mlandu utaweruzidwa mwa njira ya lamulo. Nsomba zogwidwa si ndiwo za kunyumba kwa wolondera. Ndalama ili yonse yolipira Boma, ya chiphaso kapena ya chindapusa, ituluke ndi lisiti la Boma. Ndalama yoperekedwa pakati pa nyanja popanda lisiti siifika ku thumba la Boma, ndipo dzina lake ndi chiphuphu.

Ngati wolondera waswa malamulo amenewa, njira zilipo. Mungathe kukadandaula kwa mkulu wa polisi wa dera lanu, kapena ku likulu la apolisi a chigawo cha kummawa pa Zomba; kwa mkulu woona za nsomba pa boma; ku bungwe loima palokha lolandira madandaulo okhudza apolisi, la Independent Complaints Commission, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2010 lija; ku ofesi ya Ombudsman; ndipo za ziphuphu ku bungwe la ACB. Popita kumeneko tengani tsiku, malo, nthawi ndi mboni. Dandaulo la "anatero anthu" silipita patali. Ndipo nenani zoona zokhazokha, pakuti kunamizira wolondera wosalakwa chifukwa anakulandani chida choletsedwa ndiko kuba mbiri ya munthu.

ZA CHIPHUPHU

Tisanene za wolandira yekha. Lamulo loletsa ziphuphu la chaka cha 1995 limanga wopereka ndi wolandira pamodzi. Taonani mmene chiphuphu chiwonongera mudzi. Mwini makoka wolemera atumiza kanthu kwa wolondera wosakhulupirika, nauzidwa usiku umene boti lidzatuluka. Makoka ake agona pa mtunda usiku umenewo, nalowa m'madzi masiku ena onse. Wogwidwa akhala mnyamata wa kaukonde kamodzi amene alibe chopereka. Anthu aona, nati, "Lamulo ndi la osauka." Pamenepo aliyense ayamba kusodza mobisa, poganiza kuti akaleka iye nsombazo adzapha mnzake. Pakutha pa nyengo wolemera wapindula, wolondera wapindula pang'ono, koma nyanja yasauka, ndipo chaka chotsatira onse akoka matope.

Chifukwa chake lamulo lalikulu la kulondera, loposa onse olembedwa, ndilo kusakondera. Khoka la mfumu, la wapampando wa komiti, la mkulu wa mpingo ndi la mlendo wochokera ku Mangochi liyesedwe ndi muyeso umodzi. Pa chilumba cha Mbenje m'boma la Salima, mafumu a kwa Makanjira asunga nyengo yotseka kuyambira zaka za m'ma 1950, chaka ndi chaka kuyambira Disembala kufikira Epulo, ndipo anthu aimvera chifukwa aona kuti chilumba chitsekedwa kwa onse. Pafupi ndi ife, pa nyanja ya Chiuta, asodzi eni ake anagwirizana m'chaka cha 1995 kuchotsa makoka a nkacha amene anali kutha nsomba ndi kuvundula madzi akumwa. Malo onse awiriwa aphunzitsa chinthu chimodzi: mudzi ukafuna lamulo, olondera ochepa akwanira, mudzi ukalikana, ngakhale maboti khumi salisunga.

NYENGO YOTSEKA NDI NJALA

Pa Chilwa makoka aletsedwa kuyambira pa 1 Disembala kufikira kumapeto kwa Febuluwale, ndipo a komiti alengeza pa doko chaka chili chonse. Chifukwa chake nchodziwika kwa msodzi aliyense. Mvula ikagwa matemba ndi milamba zikwera m'mitsinje ndi m'udzu womira kukaswa. Makumba aakazi asunga mazira ndi ana awo m'kamwa. Khoka likakola mayi mmodzi lapha ana ambirimbiri amene anali m'kamwa mwake. Ukonde wa masikito ndiwo woipitsitsa, popeza sulola kanthu kupyola, ndipo uletsedwa miyezi yonse ya chaka. Masikito anaperekedwa kuti ana agonemo, apulumuke ku malungo. Nyumba imene yapita nawo kunyanja yataya kawiri.

Koma tisadzinyenge ngati kuti kumvera nkosavuta. Miyezi yotseka ndiyo miyezi yomwe ya njala, pamene nkhokwe zatha, chimanga chakwera mtengo, ndipo ana afuna za sukulu. Mwini khoka angathe kudikira, koma anyamata omukokera, amene alandira gawo lawo tsiku ndi tsiku, alibe podikira. Amene sanagonepo ndi njala asafulumire kuwatcha mbala. Komabe njala ya Januwale siichotsedwa ndi kupha mbewu ya Epulo. Ichepetsedwa ndi kukonzekera: kusunga kanthu m'miyezi ya nsomba zambiri m'malo mothera ku mowa ndi juga za padoko, kulima mpunga ndi chimanga m'nthawi yake, kulowa m'magulu osunga ndi kubwereketsa ndalama, ndi kusodza ndi zida zololedwa monga mbedza, miono ndi matchera a maso oyenera. Inu eni makoka, anthu amene anakulemeretsani m'miyezi isanu ndi inayi musawataye m'miyezi itatu. Ndipo si chilungamo kutuma anyamata usiku ndi khoka lanu, iwo nkumangidwa, inu muli gone m'nyumba ya malata.

MABOTI ONYAMULA ANTHU

Ntchito ina ya apolisi a pamadzi, imene anthu aidandaula kwambiri koma ndiyo ipulumutsa miyoyo yambiri, ndiyo kuona maboti onyamula anthu. Dziko lili ndi lamulo la maulendo a pamadzi la chaka cha 1995, limene lifuna kuti boti lonyamula anthu pa malipiro liyesedwe ndi a Boma oona za pamadzi, lilembedwe, likhale ndi woyendetsa wodziwa ntchito, ndi zida zopulumutsira anthu. Boti lili lonse lili ndi muyeso wa anthu ndi katundu umene lingathe kunyamula.

Dziko lino linalipira mtengo waukulu kuti liphunzire zimenezi. Pa 30 Julayi 1946 sitima ya Vipya, yatsopano, inagubuduzika ndi mphepo pa nyanja ya Malawi pafupi ndi Chitimba, ndipo anthu 145 anafa. Pa Pasaka wa chaka cha 2017 boti lodzaza ndi akhristu ochokera ku mapemphero linagubuduzika pafupi ndi Mlowe m'boma la Rumphi, anthu namira pa tsiku la chikondwerero. M'mwezi wa Meyi 2023 mvuu inagunda bwato lodzaza anthu pa mtsinje wa Shire m'boma la Nsanje, ndipo ambiri sanafike kutsidya. Madzi safunsa ngati ulendo uli wa kumaliro, wa kuukwati kapena wa kutchalitchi.

Chifukwa chake wapolisi akaima pa doko la Kachulu, nati anthu asanu atsike m'boti lopita ku Chisi, musamnyoze kuti akuchedwetsani. Muyang'ane nokha m'mbali mwa boti: ngati madzi atsala pang'ono kufika pa mlomo wake boti lisananyamuke, fundwe loyamba lidzalowa. Matumba a mpunga, njinga ndi mitolo ya nkhuni zilemera monga anthu. Ngati m'boti muli majekete oyandamitsa munthu, valani, ndipo muyambe kuveka ana. Woyendetsa woledzera musamukwere. Mphepo ikauka masana, dikirani. Kugona pa doko usiku umodzi sikunaphe munthu. Usiku boti lisayende lopanda nyali. Inu akuluakulu otsogolera maulendo a magulu, a kwaya, a sukulu kapena a maliro, werengani anthu anu ndi kulemba maina awo musanakwere, ndipo ngati achuluka pitani maulendo awiri. Ndalama ya ulendo wachiwiri ichepa poyerekeza ndi mtengo wa bokosi limodzi.

Ngozi ikagwa, uthenga ufike msanga kwa apolisi ndi kwa mfumu. Lero lamya za m'manja zili m'midzi yonse. Komiti ili yonse ya padoko ikhale ndi nambala ya polisi yapafupi, yolembedwa poonekera. Amene ali pafupi ndi ngozi athandize, koma mwanzeru: womira mumponyere chingwe, chigubu kapena nsungwi, ndi kumkweza cha kumapeto kwa bwato kuti lisagubuduzike.

KU ZIMBOWERA NDI KUMALIRE

Pali anthu athu ambiri amene akhala miyezi pakati pa dambo, m'timisasa toyandama totchedwa zimbowera. Kumeneko kulibe mfumu, kulibe chipatala, kulibe chitsime. Madzi omwewo ndiwo akumwa, osamba ndi a kuchimbudzi, ndipo chifukwa chake kolera yabuka kawirikawiri pa Chilwa. M'chaka cha 2016 a zaumoyo anafika ndi maboti ku zimbowera kukapereka katemera wa kolera wakumwa kwa asodzi. Anthu amene azolowera kuthawa phokoso la injini athawanso boti lobweretsa mankhwala. Ichi ndi chifukwa china chimene olondera ayenera kuchitira anthu mwaulemu: mantha amene wolondera wankhanza afesa lero adzakolola wa zaumoyo mawa. Boti la Boma liyenera kukhala chinthu chimene wodwala wa ku zimbowera akondwera kuchiona.

Kummawa kwa nyanja kuli malire a Mozambique. Mphamvu ya wapolisi wa Malawi ithera pa malire, ndipo chiphaso cha Malawi sichigwira ntchito kutsidya. Msodzi wolowa m'dera la eni agwa m'malamulo a eni, ndipo abale ake adzavutika kumuombola. Musalole kunyamula katundu wa munthu wosadziwika usiku chifukwa walonjeza ndalama zambiri. Katundu akapezeka woletsedwa, wogwidwa ndi mwini bwato.

ZOYENERA KUCHITA PA NYUMBA

Tsono mwezi uno, nyengo yotseka isanafike, bambo ndi mayi akhale pansi ndi ana awo. Zida za panyumba zikhale ndi chiphaso, ndipo lisiti lake lisungidwe m'pepala la pulasitiki kuti lisanyowe. Ngati pali ukonde woletsedwa, uchotsedwe lero, asanauchotse ena. Mwana wa sukulu asatumidwe kukakoka khoka. Aliyense wa m'nyumba adziwe mau atatu awa: ukaitanidwa ima, ukamangidwa funsa chifukwa, ukalipira tenga lisiti. Pa msonkhano wa komiti pitani, amayi ndi abambo, musankhe anthu amene sagulidwa ndi botolo, ndipo mufunse kumene ndalama za komiti zapita.

Kwa inu olondera amene muwerenga tsamba lino, pakuti ena a inu ndinu ana a m'midzi yomweyi, tidziwa kuti ntchito yanu ndi yolemetsa: usiku, udzudzu, mafuta ochepa, ndi anthu okuyang'anani ndi diso loipa. Yunifolomu imene mwavala ndi ya dziko lonse. Mukagwira wolemera monga mugwira wosauka, mukalemba zimene mwalanda, mukabweza dzanja lokupatsani kanthu mumdima, anthu adzayamba kukuuzani okha kumene kuli makoka obisika. Akulu anati mutu umodzi susenza denga, ndipo nyanja ya maboma atatu, Zomba, Machinga ndi Phalombe, siingasungidwe ndi boti limodzi.

Mwezi wa mawa tidzakamba za kusamala madzi akumwa m'nyengo ya mvula. Tsalani bwino nonse, ndipo amene adziwa kuwerenga awerengere anzawo pa doko.